Bambo akuti DO si udokotala

Imelo iyi yakhala sabata ziwiri ndisanayankhe, chifukwa ndikangoitsegula mtima umandiwira. Walemba ndi mtsikana wobadwira ku Limbe, agogo ake anachokera ku Gujarat, pano banja lonse lili ku New Jersey. Wapeza malo kusukulu ya udokotala kuno ku America, koma ndi yopereka digiri ya DO (Doctor of Osteopathic Medicine) osati MD (Doctor of Medicine), yomwe ndi yodziwika kwambiri. Bambo ake akuti adikire chaka ayesenso, apo ayi apite ku Caribbean akatenge MD. Funso la bambowo ndi limodzi: "Nanga anthu tikawauza chiyani?"

Chemwali, mundikhululukire, ndiyamba ndi zanga.

Ndisanabwere kuno ndinali clinical officer zaka 9 pachipatala china cha boma. Dokotala wa MBBS, digiri ya udokotala ya kwathu, anali mmodzi, nayenso theka la mwezi amakhala kumisonkhano kunyanja. Mayi akafika usiku mwana atapingasa m'mimba, mlonda ankagogoda pakhomo panga. Ndachitapo opaleshoni magetsi atazima, jenereta ilibe dizilo, namwino akuwalitsa ndi tochi ya foni mpaka mkono kuchita dzanzi. Odwala onse ankati adokotala. Ndiye tsiku lina pachinkhoswe cha msuweni wanga, ndili ndi kreti ya Fanta paphewa, azakhali akundionetsa kwa alendo kuti awa ndi adokotala athu, malume anadula pakamwa: "Ayi, awa ndi othandizira chabe. Dokotala weniweni ndi mwana wa uje ali ku College of Medicine." Anthu anaseka, nane ndinaseka. Kreti ndinakaitula bwinobwino, koma nsima ya tsikulo sinatsike.

Sipanathe chaka, malume omwewo anabwera nawo pa njinga ya kabaza, mkodzo utatsekeka kuyambira dzulo lake, chikhodzodzo chili tototo ngati chikopa cha ng'oma. Mwana wa uje anali ku Blantyre akuwerenga mabuku. Kapaipi ndinawaika ndine. Mkodzo utayamba kutsikira m'thumba anapuma mozama, n'kunena kuti, "Zikomo bambo." Nkhani ya pachinkhoswe sitinaikambenso.

Choncho ululu wanu ndikuudziwa. Koma zanu ndi zanga n'zosiyana, ndipo apa mumvetsetse. Ine malume anali ndi mfundo pang'ono, sindinaphunzire zaka zofanana ndi wa MBBS. Inu bambo anu alibe mfundo. DO wa ku America ndi dokotala wathunthu: zaka 4 kusukulu, kenako residency (maphunziro a ukatswiri akugwira ntchito m'chipatala), amalemba mankhwala, amachita opaleshoni, ali ndi chilolezo m'zigawo zonse 50. Pa ophunzira udokotala anayi alionse m'dziko muno, pafupifupi mmodzi ali kusukulu ya DO. Dokotala wa Trump nthawi imene anadwala Covid mu 2020, Sean Conley, anali DO, ndipo Amereka eni ake ambiri anamunyoza osadziwa chomwe zilembozo zikutanthauza. Atalowa Biden, dokotala wake Kevin O'Connor analinso DO.

Komabe bambo anu sindiwaseka, chifukwa komwe akuchokera zilembo zimenezi zimamveka mwina. Ku India dokotala amayamba ndi MBBS, ngati kwathu, ndipo MD ndi ya pamwamba, ya katswiri. Pambali pake pali madigiri a Ayurveda ndi homeopathy, omwe makolo ambiri amaona ngati kothawira mwana amene sanakhoze bwino mayeso olowera. Ndiye akamva "osteopathic" khutu lawo limaponya komweko. Onjezerani abale a ku Leicester, komwe Amwenye ambiri ochokera ku Malawi anakakhazikika. Ku Britain osteopath si dokotala wa mankhwala, ndi munthu wowongola msana ndi mafupa. Mawu ndi amodzi, ntchito n'zosiyana. Azakhali a ku Leicester akaimba foni n'kunena kuti "wa msana uja?", bambo anu tulo tatha.

Chiyambi cha DO nachonso chinali chokayikitsa, tisabise. Amene anaiyambitsa, Andrew Taylor Still, ana ake atatu atamwalira ndi matenda oumitsa khosi mu 1864, anataya chikhulupiriro m'mankhwala a nthawi imeneyo. Anayamba kuphunzitsa kuti matenda ambiri amachokera m'mafupa osakhala m'malo mwake, ndipo mu 1892 anatsegula sukulu ku Kirksville, Missouri. Zimenezo zinasiyidwa kalekale. Chatsala ndi maola pafupifupi 200 ophunzira kuchiza ndi manja, ndipo ambiri akamaliza sazigwiranso. Zina mwa izo zimathandiza msana. Zina, monga zoti munthu angasunthe mafupa a chigaza ndi zala, ine sindizikhulupirira ngakhale pang'ono.

Pali kankhani kamene ndimakakonda. Mu 1962 ku California, ma DO pafupifupi 2,000 anasinthanitsa digiri yawo ndi MD atalipira madola 65. Munthu yemweyo, mutu womwewo, manja omwewo. Madola 65 basi.

Ndipo poti munabadwira ku Limbe, afunseni bambo ngati akukumbukira Queens. Terrie Taylor wa ku Michigan State University, amene wakhala akulimbana ndi malungo a muubongo mwa ana ku Blantyre kuyambira 1986, ndi DO. Iye ndi Malcolm Molyneux ndi amene anakonza Blantyre Coma Scale, muyeso womwe ine ndinkagwiritsa ntchito pa mwana aliyense wokomoka, osadziwa n'komwe zilembo za kumapeto kwa dzina lake. Gulu lake, pogwiritsa ntchito makina a MRI, linaonetsa mu 2015 kuti anawa amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza mbali yoyendetsa kupuma. Palibe mayi pa wodi ija anafunsapo kuti kodi adokotalawa ndi MD.

Ndikamaiganizira nkhaniyi ndikuona kuti si ya chipatala ayi. Ndi ya paukwati, ya pa gulu la WhatsApp la banja, ya tsiku lomwe akuluakulu adzakhale pansi kukufunirani mwamuna n'kumawerenga zilembo ngati mtengo wa nsalu. Ife sitisiyana nawo, ndakuuzani za malume. Koma kutaya chaka, kapena kusenza ngongole yoposa, kuti azakhali a ku Leicester agone bwino, ine ndikuti ayi.

Za Caribbean

Apa ndiye ndikana kwamtuwagalu. Sukulu zambiri zakumeneko zimatenga anthu ochuluka, ambiri n'kugwera panjira ngongole ili pamutu. Amene wamaliza amawerengedwa ngati wophunzira kunja. M'zaka zaposachedwa, oposa 90 pa 100 alionse omaliza DO amapeza malo a residency, pomwe nzika za America zophunzira kunja ndi pafupifupi awiri mwa atatu. Bambo anu ngati ndi a bizinesi, aonetseni manambala amenewa, asiyeni awerengetsere okha.

Tengani malo a DO aja. Chipata cha residency chinakhala chimodzi kwa MD ndi DO kuyambira 2020, koma tsankho silinathe: ukatswiri wa khungu, opaleshoni ya ubongo ndi zina zolimbirana zimavutirapo kwa DO. Mayeso a chilolezo a ma DO, COMLEX, ndi okakamiza, koma lembaninso USMLE, omwe amalemba a MD, ngakhale ndi ndalama ndi thukuta lowonjezera. Funsani sukuluyo zipatala zomwe mudzaphunziremo chaka chachitatu, ndi komwe omaliza chaka chatha anapita. Ngati mukulota zodzagwira ntchito ku India, Britain kapena kwathu, lemberani bungwe lopereka zilolezo la dzikolo musanalipire kalikonse. Ndipo pezani DO wachikulire wa kwanu komweko adzamwe tiyi ndi bambo, poti mawu omwewo akachokera kwa mwana samveka.

Ine kuno mapepala anga a clinical officer sanawerengedwe, ndinayambiranso, pano ndine namwino. Malume akadali moyo. Mwezi uliwonse amanditumizira chithunzi cha mapiritsi awo a BP kuti ndiwaone, ndipo kumudzi amauza aliyense kuti mphwawo ndi dokotala ku America.