Funsani Amalume: fataleza wadula, mafuta akwera, nanga tilime bwanji?

Moni nonse alimi anzanga. Mwezi uno foni yanga yadzaza ndi nkhani imodzi chabe, fataleza ndi mafuta, moti ngakhale aja amakonda kufunsa za chitopa cha nkhuku akhala chete. Ndasankhapo mafunso asanu, ena ndawadula pang'ono chifukwa anthu ena mukamalemba mumayambira pa agogo anu.

FUNSO: Amalume, ine ndine mayi wa ana asanu kuno ku Chadiza. Dzina langa chaka chino silinatuluke ku FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi fataleza, ndiye tasonkha ndalama ya nshawa ndi ya chilimba yakwana masaka 4 chabe. Munda wathu ndi mahekita awiri. Abambo a kunyumba akuti tisakanize D compound ndi urea pamodzi tithire pang'onopang'ono munda wonse kuti paliponse palaweko. Ine mtima ukukana. Tichite bwanji?

YANKHO: Amayi, mtima wanu ukunena zoona, koma abambowo mukawauze mwaulemu, musakanene kuti Amalume akuti simudziwa kulima, ine sindifuna milandu kwa anyakwawa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Muyezo umene alangizi akhala akutiphunzitsa kuyambira kale ndi wakuti lima imodzi, ija ya mamita 50 uku ndi 50 uku, imadya saka imodzi ya D ndi saka imodzi ya urea. Hekita ndi malima 4, ndiye hekita imafuna masaka 8. Inu muli ndi 4, kutanthauza kuti fataleza wanu ndi wa malima awiri basi, pamene munda wanu ndi malima 8. Mukamwaza masaka 4 pa malima 8 phesi lililonse lilandira kotala ya chakudya chake, limera bwinobwino, libiriwira sabata ziwiri inu nkumasekerera, kenako mu January masamba a pansi ayamba chikasu kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wapakati ndipo mudzakolola tizitsononkho tonga chala. Apo nkuti mwalipira kale aganyu opalira malima onse 8, mwagula mbewu ya malima 8, msana wanu wathyokera malima 8. Ndinachitapo zimenezi ine chaka china chifukwa cha manyazi, ndimaopa kuti anthu podutsa pa msewu aziti munda wa Amalume wachepa. Nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe, ndipo anthu aja ndimawaopa palibe anabwera ndi meda ya ufa.

Ndiye sankhani malima awiri kapena atatu amene nthaka yake ndi yabwino, makamaka pamene panali nshawa kapena soya chaka chatha, pamenepo ndiye pa chimanga. Potsalapo bzalani nshawa, soya, nyemba kapena mpendadzuwa. Nshawa ndi soya zimadzipangira zokha chakudya chija timagula mu urea, mukazula muone timaphundu ku mizu, mukatifinya mkati muli mofiirira, ndiyo fakitale yake imeneyo. Soya ingofunika inokyulanti, tizilombo tabwino tosakaniza ndi mbewu pobzala kuti timaphundu tija tipangike, kapaketi kakang'ono kosafika olo pafupi ndi mtengo wa saka. Nshawa ngati MGV4 ndi MGV5 ndi zathu zomwe, dzinalo likuchokera ku Msekera, malo a kafukufuku wa zaulimi kuno ku Chipata. Inde ndikudziwa kuti soya inatiliza mu 2023 mtengo utagwa, nchifukwa chake sindikuti munda wonse soya ayi.

Za kusakaniza D ndi urea pa tsiku limodzi, ayi. D compound ndi 10-20-10, mphamvu yake yaikulu ndi ija 20 ya pakati yomanga mizu, ndipo imeneyo siyenda m'nthaka, imafuna kuikidwa pansi pafupi ndi mbewu pa tsiku lobzala. Ambiri timachedwa, timathira D chimanga chili ndi masamba asanu, pamwamba penipeni osakwirira, ndalama yatayika theka. Urea ndi 46 peresenti nayitrojeni ndipo ndi wothamanga, mukamuika msanga mvula imutsukira pansi mizu isanakule, mukamusiya pamtunda padzuwa amauluka ngati mpweya. Nthawi yake ndi chimanga chikafika m'maondo, nthaka ili yonyowa, mutapalira kale. Boolani ndi kamtengo pambali pa phesi, kachitsekero ka botolo la Fanta kamodzi, kwirirani ndi phazi. Nchochedwetsa, ana adzadandaula, koma pa mtengo wa lero kumwaza urea ngati mukudyetsa nkhuku ndi kutaya ndalama dala.

Za dzina lanu pitani kwa a kampu ofisa ndi NRC yanu limodzi ndi atcheya a kopaletivu mukafunse msanga. Koma kunena mosabisa, FISP imafikira alimi pafupifupi 1 miliyoni dziko lonse ndipo alimi tilipo ambiri kuposa apo, ndiye amene mwapereka K400 nkulandira thokozani, koma musamange chaka chonse pa pulogalamu imeneyi. Kubzala ndi mvula yoyamba yokhazikika kumaposa kudikira meseji ya FISP mpaka Khisimisi.

FUNSO: Amalume ine ndine mnyamata wa ku Vubwi. Asibweni anga a ku Mchinji akuti kwawo akupanga manyowa a Mbeya, ati saka imodzi ya fataleza imabala masaka 5. Nzoona kapena ndi nkhani za pa bawo?

YANKHO: Mphwanga, nzoona ndi bodza pamodzi. Mbeya alipodi ndipo anzathu a ku Malawi amupanga kwambiri. Amatenga ndowe zouma zopondaponda za mbuzi, nkhuku kapena nkhumba, gaga, phulusa, fataleza pafupifupi makilo 10 ndi madzi pang'ono oti ukafumbata chigwirane koma osadontha, nkuthira mu saka yokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga ndithu, kusiya pamthunzi masiku 21. Miyezo imasiyana malinga ndi amene anakuphunzitsa. Popeza makilo 10 amalowa kasanu mu saka ya 50, ndi pamene pachokera nkhani ya masaka 5.

Koma fataleza sabereka ngati mbuzi. Saka ya urea ili ndi makilo 23 a nayitrojeni, ukaigawa pasanu saka iliyonse yatenga makilo 4.6, ndowe ndi gaga ziwonjezerako pang'ono chabe. Ndiye ukathira Mbeya ndi kachitsekero kamodzimodzi kaja ngati ndi fataleza wa m'sitolo chimanga chidzakuonetsa, amafunika dzanja lodzaza pa phando. Ubwino wake weniweni uli pa ndowezo, zimafewetsa nthaka ndi kusunga chinyezi, amene anali ndi manyowa m'munda chaka cha chilala cha 2024 chija a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko, chimanga chawo chinapirirako masiku angapo kuposa cha anzawo. China, phulusa ndi urea sizigwirizana kwenikweni, ukamasula saka nkumva fungo lobaya m'mphuno lija lotulutsa misozi, dziwa kuti ndi nayitrojeni wako akupita kumwamba. Ine ndimakonda kupangira D, urea ndimathira payekha.

Yesa pa mizere 10 chaka chino, pambali pake mizere 10 ya fataleza wamba, udzawerenge wekha pokolola. Ndipo poti ndiwe wachinyamata uli ndi nthawi, bzala gilirisidiya. A COMACO, bungwe lothandiza alimi kusamala chilengedwe, akhala akulimbikitsa mtengo umenewu kuno kum'mawa, ndipo kafukufuku wa mitengo yobwezera chonde anachitikira pa Msekera pompa zaka za m'ma 1990. Umasadza masamba nkukwirira m'mizere, koma phindu limayamba kuoneka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, si za mawa ayi. Msangu ukaupeza m'munda usadule, umagwetsa masamba nthawi ya dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, ndiye suphimba chimanga.

FUNSO: Ine ndili ndi dimba ku Katete, ndimalima tomato, repu ndi anyezi, ndimathirira ndi kainjini ka petulo. Mafuta akundidya amalume, ndipo chimene chimandinyansa mtengo umasintha mwezi ndi mwezi, munthu sungapange bajeti. Chifukwa chiyani? Ndigulitse injini?

YANKHO: Achimwene, kuyambira pamene boma linachotsa sabuside ya mafuta mu December 2021, a ERB, bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta, amaunika mtengo mwezi uliwonse, ndipo amayang'ana zinthu ziwiri, mtengo wa mafuta kunja ndi mphamvu ya kwacha pa dola. Tilibe chitsime cha mafuta ife, dizilo wambiri amabwera ndi paipi ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, petulo amabwera ndi mathanki pa msewu. Fataleza nayenso nkhani yake ndi yomweyo, urea amapangidwa ndi gasi, ndiye nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 ife a ku Kagoro tinaimvera m'thumba. Ngakhale D wopangidwa konkuno, monga wa Nitrogen Chemicals ku Kafue, zopangira zake zambiri nzogula ndi dola, kenako akwere thiraki makilomita oposa 500 pa Great East Road kudutsa mapiri a ku Luangwa, dizilo yense uyo amalipira ndinu.

Injini musagulitse kaye. Choyamba lekani kugula petulo wa m'mabotolo pa msika. Mtengo wa pa filing'i sitesheni ndi umodzi dziko lonse, Katete ndi Lusaka chimodzimodzi, koma wa m'botolo amaikapo yake ndipo nthawi zina ndi wosakaniza. Sonkhanani anthu atatu anayi a madimba oyandikana, mmodzi apite ndi chigubu. Chachiwiri, ndinafika pa dimba lina ndinapeza paipi yomangidwa ndi malegeni malo asanu, ponse pakutuluka madzi, kanjira konse matope, mwini wake akudandaula za boma. Fyuluta ya mpweya itachita bii ngati pansi pa mphika. Konzani zimenezo, thirirani m'mamawa kapena madzulo osati dzuwa lili paliwombo, ndipo phimbirani mabedi ndi udzu kapena makoko a nshawa, mudzaona kuti mukhoza kudumphitsa tsiku. Pampu ya sola ndi yabwino ngati madzi ali pafupi, kugula kwake ndiye kowawa, ndiye ngati mungalowere ku village banking chabwino, koma ya kaloba ayi chonde, tomato mtengo wake sukhulupirika, lero bokosi ndi golide mawa mukutayira nkhumba.

FUNSO: Pali munthu akugulitsa urea wa pa meda motchipa kwambiri, ati ndi wotsala. Ndigule? Ndine wa ku Lundazi.

YANKHO: Tengani supuni imodzi muike mu kapu ya madzi muvundule. Urea weniweni amasungunuka yense ndipo kapu imazizira mukaigwira. Pansi pakatsala mchenga kapena timiyala mwadziwa. Koma olo asungunuke, mchere nawonso umasungunuka, ndipo ngati ndi wa FISP wogulitsidwa mwakuba mulowa nawo m'milandu. Gulani saka yosoka ku fakitale kwa agro dila wodziwika, tengani lisiti, ngati ndalama yachepa gawanani saka imodzi anthu awiri.

FUNSO: Amalume, ife kwathu ndi mkati mwa Petauke, msewu ndi woipa. A kanta akweza mtengo pa saka ati dizilo. Mavenda akubwera pakhomo ndi sikelo yawo, ndalama pompo. Bambo anga akuti tingogulitsa kwa iwowa. Ine ndine mwana wamkazi woyamba, ndimawasungira ndalama ndine.

YANKHO: Mwanawe, abambo ako sakulakwa kuwerengera thiransipoti, koma awerengere mpaka kumapeto. FRA, bungwe la boma logula chimanga, inagula saka ya 50kg pa K280 mu 2023, K330 mu 2024 ndi K340 mu 2025. Saka ya fataleza ikakhala cha m'ma K1,000 ndiye kuti masaka atatu a chimanga agula saka imodzi ya fataleza, apo ndi pa mtengo wa FRA. Ukagulitsa kwa venda mu May chimanga chisanaume bwino, pa sikelo imene iwe sunaiyese, udzapeza kuti pafunika masaka anayi kapena asanu. Tenga cholembera, lemba mtengo wa venda, lemba wa ku depoti uchotsepo ya kanta ndi ya saka yopanda kanthu, uwaonetse abambo manambala, akulu sakonda kuuzidwa ndi mwana koma pepala amalimvera. Vuto la FRA tonse tikulidziwa, ndalama nthawi zina imachedwa, ndiye gulitsani masaka ochepa kwa venda a fizi ndi sopo, ochulukawo adikire.

A kanta amadula chifukwa amabwera opanda katundu nkubwerera ndi masaka 15 a munthu mmodzi. Mukagwirizana mabanja asanu nkuidzaza mtengo pa saka umatsika, ndipo mukapangana kuti pobwera akutengereni fataleza ku boma ndiye ulendo umodzi wagwira ntchito ziwiri, komanso mwagula fataleza mu August mitengo isanapenge ndi mzere wa November. Kufika pa msewu waukulu ngolo ya ng'ombe ikadalipo, siimwa dizilo. Ukapita kokayesa sikelo ya venda nyamula paketi ya shuga ya 2kg yosatsegula, uike pa sikelo iye akuona, ukandiuze zimene idzawerenge.