Pulogalamu yakana kutseguka chipangireni update: yankho kwa achimwene a ku Nchalo

Kalata yafika pa imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta pa Nchalo. Akuti kompyuta yawo inali ndi Ubuntu 20.04 (Ubuntu ndi mtundu wina wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta monga Windows), mlamu wawo n'kuwakwezera ku 22.04. Chichokereni tsiku limenelo pulogalamu yolembera marisiti yakana kutseguka. Akaiyitana pa terminal, kazenera kolembamo malamulo a kompyuta, ikungoyankha kuti: error while loading shared libraries: libssl.so.1.1: cannot open shared object file: No such file or directory. Funso lawo n'lakuti, kodi afufute zonse ayambirenso?

Ayi achimwene, musafufute. Marisiti anu alipo, kompyuta sinadwale.

Mapulogalamu ambiri pa Linux sayenda ndi katundu wawo yense. Ntchito zina amabwereka ku mafayilo apadera otchedwa shared library, aja mayina awo amakhala ndi .so, ndipo fayilo imodzi imatumikira mapulogalamu ambirimbiri nthawi imodzi. Yanuyo, libssl, ndi ya OpenSSL, yomwe imabisa uthenga kuti wapanjira asauwerenge pamene kompyuta ikulankhula ndi intaneti. Nambala yakumapeto ija, 1.1, ndiye mwini nkhani. Pulogalamu yanu inamangidwa kuti izifuna libssl.so.1.1 basi. Ubuntu 22.04, yomwe inatuluka mu April 2022, inasamukira ku OpenSSL 3, fayilo yake ndi libssl.so.3. Mapulogalamu onse ochokera ku Ubuntu mwini wake anamangidwanso kuti agwirizane ndi yatsopanoyo. Yanu munaitenga kwa amene anakugulitsani, kotero update inaidutsa pambali, n'kuchotsa library yakale imene inkadalira.

Musanakhudze chilichonse, ndifunseko: magetsi anathima update ili mkati? Kuno kuchigwa funso limeneli si lopanda pake. Amene tinakhala mumdima mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu January, tikudziwa kuti kompyuta yopanda batire imazimira pakati pa ntchito. Update ikaduka panjira, ma package ena, mitolo ya mafayilo a mapulogalamu, amatsala atangotsitsidwa koma osakhazikika. Lembani sudo dpkg --configure -a, kenako sudo apt --fix-broken install. Zikatha bwinobwino yesaninso pulogalamu ija. Nthawi zina nkhani imathera pomwepa.

Ikapitiriza kukana, ifunseni zimene ikusowa. Lembani ldd, danga, kenako njira yonse ya pulogalamuyo, mwachitsanzo ldd /opt/marisiti/bin/marisiti. Mutuluka mizere yambiri, uliwonse dzina la library kumanzere, muvi pakati, kumanja komwe yapezeka. Inu yang'anani mizere yothera ndi not found. Ndikhulupirira mupeza iwiri, libssl.so.1.1 ndi mnzake libcrypto.so.1.1, chifukwa awiriwa sasiyana. Uthenga uja umangotchula yoyamba kusowa, n'chifukwa chake anthu amakonza imodzi n'kudabwa kuti yatulukanso ina.

Tsopano pali kusiyana pakati pa fayilo imene kulibiretu ndi fayilo imene ilipo koma kompyuta sikuidziwa. Linux siyendera diski yonse kusakasaka. Ili ndi mndandanda wake mu /etc/ld.so.cache, ndipo mutha kuuona ndi ldconfig -p | grep libssl. Ngati m'menemo mwangotuluka libssl.so.3, sakani pamanja: sudo find / -name "libssl.so*". Mukaipeza 1.1 itabisala mu /usr/local/lib kapena mufoda ya pulogalamu yomweyo, mwayi wanu. Yesani kaye poika LD_LIBRARY_PATH= ndi foda imene mwaipezamo, mwachitsanzo LD_LIBRARY_PATH=/opt/marisiti/lib, patsogolo pa dzina la pulogalamu, pamzere womwewo. Ikatseguka, mwadziwa kuti vuto linali njira chabe. Ena amalemba foda imeneyo mu fayilo yothera ndi .conf mkati mwa /etc/ld.so.conf.d n'kuyendetsa sudo ldconfig. Zimagwira, koma pamenepo mwaionetsa kwa mapulogalamu onse a m'kompyutamo. Ine ndimakonda kuisiya kwa pulogalamu imodzi imene ikuifunayo.

Pamene ndikufuna mundimvetsetse ndi apa. Mukasaka uthenga umenewu pa intaneti mupeza anthu akulangiza kuti mupange symlink, dzina lina lolozera ku fayilo yomwe ilipo kale, ndi ln -s, fayilo ya libssl.so.3 muitche libssl.so.1.1. Musatero. Kuli ngati kulemba kuti shuga pa thumba la mchere: wogula alandira, koma tiyi ndiye aulula. Nambala ija amaisintha dala zamkati zikasintha moti pulogalamu yakale singagwirizane nazo. Mukainamiza, mwina ikana ndi uthenga wina wonena za version OPENSSL_1_1_0 not found, ndipo kukana kumeneko n'kwabwino. Ndi ma library ena imatha kutseguka ndithu, n'kudzagwa pakati pa ntchito kasitomala ali chiimire pakauntala. Komanso miyezi ikapita mudzaiwala kuti munapanga zimenezo, wodzakonza pambuyo panu adzatuluka thukuta la Ngabu osapeza chimene chavuta.

Njira yolongosoka ndi kuwaimbira amene anakugulitsani pulogalamu, muwauze kuti mukufuna yomangidwira Ubuntu 22.04. Papita zaka, ngati akadali pa ntchito yawo ayenera kuti ali nayo. Samalani mbali inayo: wina amene akadali pa 20.04 akatenga yomangidwira 22.04, alandira uthenga wa GLIBC_2.34 not found, chifukwa glibc, library yaikulu ya Linux, imasiyana: 20.04 ili ndi 2.31 pamene 22.04 ili ndi 2.35. Glibc musamaisinthe pamanja, mapulogalamu pafupifupi onse amatsamira pamenepo, ngakhale ls amene, kalamulo kongoonetsa mafayilo.

Nanga ogulitsawo akakhala kuti foni yawo sikupezekanso, pomwe mawa anthu a kumunda wa nzimbe alandira malipiro ndipo shopu idzaza? Package yotchedwa libssl1.1 ya Ubuntu 20.04 imatha kukhala limodzi ndi yatsopano popanda kulimbana, popeza mayina a mafayilo ndi osiyana, ndipo muli onse awiri, libssl ndi libcrypto. Ndi yaing'ono, siimaliza bandulo. Itengeni ku malo a Ubuntu enieni, osati pa link yongotumiziridwa pa WhatsApp, muiike ndi sudo dpkg -i. Dziwani kuti a OpenSSL anasiya kusamalira 1.1.1 mu September 2023, ndipo apt ya 22.04, yomwe imabweretsa ma update, sidzaikonzanso pakapezeka chiboo. Ngati pulogalamuyo imangopulinta marisiti m'shopu momwemo, ine ndingayende nayo kwa kanthawi. Ngati imatumiza za ndalama pa intaneti, yambani kusaka ina.

Anzathu a Windows vuto lawo ndi lomweli, dzina lokha: kwao ndi DLL, monga VCRUNTIME140.dll, ndipo mankhwala ake ndi Visual C++ Redistributable yochokera ku Microsoft, osati fayilo yongotola.

Achimwene, mukayendetsa ldd ija munditumizire mizere yonse monga yatulukira, ngakhale chithunzi cha pafoni, bola zilembo zizioneka. Ikakhala kuti not found ili pa dzina lina osati awiri ndatchulawa, tiona package imene ili nalo.