Sefa ya madzi yoyendamo magetsi: imagwira bwanji ntchito?

Funso: Ndamva kuti kuli masefa a madzi amene amawalumikiza ku magetsi. Magetsiwo ndi a chiyani poti sefa imasefa kale? Nanga sangamugwire munthu?
Wowerenga wathu

Yankho: Za kugwidwa musadandaule. Pa sefapo pamapita magetsi a DC, onga a m'mabatire a tochi, ma volt ochepa basi.

Sefa imene mukunenayi ndi nembanemba ya timabowo tosaoneka ndi maso. Vuto lake lalikulu ndi kutsekeka: mabakiteriya ndi zonyansa zimamatirira pamwamba, madzi n'kuyamba kudontha pang'onopang'ono. Tsono akatswiri amakuta nembanembayo ndi timachubu ta kaboni, kapena amaiumba ndi titanium oxide ya mtundu wa Ti4O7, kuti izidutsa magetsi. Waya mmodzi amalumikiza ku sefayo, ndipo pafupi nayo amaika chitsulo china cholandira waya wachiwiri.

Nkhani yagona pa waya amene mwalumikiza ku sefayo. Mukaipatsa negativi, imakankha mabakiteriya ndi zonyansa zambiri, poti nazonso zimakhala za negativi, ndipo tithovu ta haidrojeni timatukula zimene zamatirira. Ndi mbali yomweyi imene imasandutsa chromium(VI), poizoni wochokera m'mafakitale ofufuta zikopa ndi okuta zitsulo, kukhala chromium(III) amene amaundana n'kusefeka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chromium asapitirire mamiligalamu 0.05 pa lita. Mukaipatsa pozitivi, imaphwanya utoto ndi zotsalira za mankhwala madziwo akamadutsa m'timabowo.

Koma musaganize kuti kuwonjezera magetsi ndiye kuyeretsa kwambiri. Pa pozitivi, magetsi akachuluka amadya kaboniyo, sefa n'kutha ntchito. N'chifukwa chake Ti4O7, amene sadyeka msanga, ndiye woyenera mbali imeneyi. Choopsa koposa ndi madzi a mchere. Chloride wa mu mcherewo amasanduka klorini, kenako chlorate ndi perchlorate, ndipo perchlorate amasokoneza chithokomiro. Madziwo amaoneka oyera mbee, poizoni ali momwemo.

Negativi nayo ili ndi lake. Imakweza pH (ndiko kuti imachepetsa asidi wa m'madzi) pamwamba pa sefa, ndiye madzi akakhala ndi laimu wambiri pamachita chikhakha choyera, chonga cha m'ketulo. Amachichotsa potembenuza mawaya kwa kanthawi kapena kutsuka ndi asidi wosalimba, monga citric acid.

Musanaiyatse, yezetsani madzi kuti mudziwe kuchuluka kwa chloride ndi laimu, chotsani matope pogwiritsa ntchito sefa ya mchenga, yambani ndi magetsi ochepa, ndipo madzi otuluka muwayezetsenso. Dziwaninso kuti masefa ambiri otere adakali oyeserera m'malabotale. Wokugulitsani yapakhomo akuonetseni kaye zotsatira za perchlorate.