Ayi amalume, sindili ku China

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pa gulupu, loti kodi chithunzi chija ndinajambulitsa ku China. Ayi ndithu, ndikadali konkuno ku Dunedin, New Zealand. Ndati ndingoyankhula, kulemba kungatalike.

Malo aja dzina lake ndi Lan Yuan, munda wamaluwa womangidwa mwachitchaina, ali mkati mwa tauni, kufupi ndi siteshoni ya sitima. Anawatsegula mu 2008. Mzinda uno uli pa ubale ndi Shanghai, ndiye amisiri anachokera kumeneko. Nyumba zija za madenga opindika anazipangira ku Shanghai komweko, n'kuziphwasula, kuzikweza sitima yapamadzi, kudzazimanganso kuno. Matabwa ake amangolowetsana, opanda misomali. Ngakhale miyala yabowobowo ija inachokera ku nyanja ya Tai ku China.

Koma amalume, chomwe chimandikhudza ine ndi chifukwa chomwe anamangira. Kuno ku Otago, chigawo chomwe muli mzinda wa Dunedin, kunapezeka golide mu 1861. Azungu okumba atayamba kuchoka kukasaka kwina, akuluakulu a zamalonda a mumzinda uno anaitana anthu a ku China, ndipo oyamba anafika mu 1866 kudzera ku Australia. Ambiri kwawo kunali ku Guangdong, amuna okhaokha, atasiya akazi ndi ana, ngati mmene agogo ankapitira ku Wenela muja. Ankakumba m'malo omwe ena anali atawasiya kale, m'chisanu choopsa.

Ndiye tamverani. Anthu oitanidwa omwewo, mu 1881 boma linawaikira msonkho wa mapaundi 10 munthu aliyense polowa m'dziko. Mtundu wawo wokha. Mu 1896 anaukweza kufika mapaundi 100! Munthu angaitanitse bwanji mkazi wake pa ndalama imeneyo? Ambiri anakalambira kuno okhaokha. Msonkhowo unathetsedwa mu 1944, koma kupepesa kunadzabwera mu 2002, nduna yaikulu Helen Clark ndi amene anapepesa.

N'chifukwa chake ine sindiwatenga ngati malo ongojambulitsirapo. Zidzukulu za anthu aja ndi zimene zinalimbikira, kusonkhetsa ndalama kuti makolo awo asaiwalike, ndipo amene ankatsogolera ntchitoyo, Peter Chin, anadzakhala meya wa mzinda uno. Ife obwera timazimva mumtima zimenezi.

Pakhomo amalipiritsa, mkati muli pomwera tiyi. Awuzeni azakhali kuti zithunzi za dziwe ndi kamlatho ndiwatumizira madzulo ndikaweruka.