Kwa alamu, za kalata ya apolisi ija ku England

Alamu, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu m'gulumu. Mwati kamera yakujambulani mukuthamanga mamailosi 46 pa ola pamsewu wa malire a 30, kalata yabwera, ndiye mukufunsa ngati basi mukupita kukhoti. Ayi, simunafike kumeneko. Koma kalatayo musaiike pansi pa matiresi, chifukwa ambiri amene amakathera kukhoti pa nkhani ngati iyi amakhala kuti sanayankhe.

Kalata mwalandirayo ndi Notice of Intended Prosecution, ndipo imabwera ndi fomu yofunsa kuti amayendetsa ndani. Apolisi amayenera kuitumiza kwa mwini galimoto wolembedwa ku DVLA, ofesi ya boma yoona za malaisensi ndi kalembera wa magalimoto, pasanathe masiku 14 chichitikireni nkhaniyo. Inuyo muli ndi masiku 28 oti muyankhe. Kulemba dzina lanu pamenepo sikuvomera mlandu ayi, mwangonena kuti pachiwongolero munali inu. Mukapanda kuyankha, umenewo ndi mlandu wina pawokha, mapointi 6 achilango pa laisensi yanu ndi faindi yofika mpaka £1,000. Mwaona? Kukhala chete kumaposa liwiro lenilenilo.

Komanso ndikupempheni, zoti tilembe dzina la m'bale amene anabwerera ku Lilongwe, musayerekeze. Chris Huhne anali nduna ya boma konkuno, anapatsira mkazi wake mapointi a liwiro, ndipo mu 2013 onse awiri anagamulidwa miyezi 8 kundende.

Mukabweza fomuyo, apolisi amasankha chochita. Amene wapitirira pang'ono amamuitanira kalasi ya maola ochepa, amalipira yekha koma osalandira mapointi, bola asanachitepo kalasiyo m'zaka 3 zapitazi. Pa 46, nthawi zambiri kalasiyo sapereka. Chimene muyembekezere ndi Fixed Penalty, £100 ndi mapointi 3, kulipira pasanathe masiku 28. Ngati mukudziwa kuti munathamangadi, landirani, lipirani, nkhani yatha. Khoti simuliona n'komwe.

Tsopano kukhotiko. Munthu amafikako ngati wakana Fixed Penalty, ngati sanayankhe, ngati liwiro linali lonyanya, kapena ngati mapointi atsopanowo amufikitsa pa 12. Imabwera kalata ina, Single Justice Procedure Notice, ndipo iyi masiku ake ndi 21. Musaganize za chipinda chodzaza anthu ngati tikuonera mlandu kwa majisitireti kwathu kuja. Apa majisitireti mmodzi, ndi womuthandiza pa zamalamulo, amangowerenga mapepala n'kugamula, inu muli kuntchito. Pa fomupo mumasankha kuvomera osapitako, kuvomera koma mukufuna kukaonekera, kapena kukana mlandu. Mukakana, amakupatsani tsiku, apolisi amabweretsa umboni wa kamera, nanunso mubwere ndi wanu. Zoti "sindinaone chikwangwani" kapena "ndimachedwa ku shifiti" sizikupulumutsani. Zimenezo mungalembe pongopempha kuti akuchitireni chifundo.

Apa ndiye mumvetsere, chifukwa ndi pamene anthu amaluza ndalama. Faindi ya kukhoti amaiwerengera pa zimene mumapeza pa sabata. Pamsewu wa 30, kuyambira 31 mpaka 40 ndi pafupifupi theka la malipiro a sabata ndi mapointi 3. Kuyambira 41 mpaka 50, komwe muli inuko, ndi sabata yathunthu, ndi mapointi 4 mpaka 6 kapena kukuletsani kuyendetsa masiku 7 mpaka 28. Tiyerekeze mumalandira £400 pa sabata atadula msonkho. Mukavomera msanga amachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu, itsala cha m'ma £266. Pamwamba pake amaonjeza 40 peresenti imene amati victim surcharge, ndi £106 ina imeneyo, kenako ndalama za ozenga mlandu. Mwadutsa £370 kale, pa nkhani imene ikanatha ndi £100. Ndiye kupita kukhoti pongoti mwina akandimvera chisoni, ine sindikuonapo nzeru.

M'envelopumo mumakhalanso fomu yolembapo malipiro anu, lendi ndi zina. Mudzaze ndithu. Mukasiya, amangoganiza okha kuti mumapeza £440 pa sabata, kaya mumapezadi kaya ayi. Faindi ikakula, pemphani kulipira pang'onopang'ono, amalola.

Chinanso, inu munakhoza mayeso a kuno chaka chatha eti? Lamulo likuti mapointi 6 m'zaka 2 zoyambirira, laisensi amailanda, muyambirenso theory ndi mayeso a pamsewu. Ndiye taonani, Fixed Penalty ikusiyani pa 3, koma khoti litha kukupatsani 6 kamodzin'kamodzi. Ntchito yanu yoyendera odwala m'makomo ija popanda galimoto muigwira bwanji? Kwa amene anakhoza kalekale malire ndi mapointi 12 m'zaka 3, amaletsedwa miyezi 6, ndipo pamenepo mpofunika loya kuti akafotokoze mavuto amene agwere banja. A inshuwalansi nawo amafunsa za mapointi, muwauze zoona. Chigamulo cha khoti chimayeneranso kutchulidwa pa mafomu a Home Office, unduna woona za maviza ndi chilolezo chokhalira kuno, osachibisa poti ndi za pamsewu chabe.

Chimene chimapweteka anthu athu kwambiri ndi adiresi. Timasamuka pafupipafupi, kusintha pa laisensi koma kuiwala pa logbook ya galimoto, V5C ija. Makalata amapita kunyumba yakale, mlandu n'kugamulidwa inu osadziwa, kudzazindikira ndalama zikudulidwa pa malipiro. Zikatero pali statutory declaration, kulumbira kukhoti kuti simunadziwe za mlanduwo, pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku mwadziwiralo, mlandu umayambiranso.

Zonsezi ndi za England ndi Wales, achimwene aku Glasgow asatengere pamenepa, Scotland ili ndi njira yake. Tikiti ya khonsolo yoimika galimoto molakwika nayonso ndi ina, ilibe mapointi.

Lero lomwe lembani fomuyo, sainani, ijambuleni musanatumize, ndipo ku positi ofesi mupemphe kapepala kosonyeza tsiku mwatumizira, n'kaulere. Munditumizire kumbali chithunzi cha tsamba loyambalo tione deti, tiwerengere limodzi masiku 28 aja. Mupereke moni kwa ana.