Mapeyala anga anafera m'ndowa

Achemwali, pamalo panu podikha madzipo musagule kaye mbande iliyonse chonde, ndangowerenga funso lanuli la mitengo yoti mudzale pamenepo, mtima wayambanso kuwawa ngati zachitika dzulo.

Ine puloti yanga ili ku Lunzu chakumunsi, ndinakaiona mu Okutobala dothi lakuda lija la makande litang'ambika ming'alu yolowa dzanja, ine ndimvekere eee apa nde pachonde. Adobadoba amene anandiperekeza sanatchule zoti ndi dambo olo kamodzi. Kenako bambo wina ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu, pakamwa pozuna, akuti madamu izi zimagwira paliponse bola mukumbe dzenje lalikulu mudzaze manyowa. Ndinatenga mapeyala omezanitsa sikisi, malalanje anayi, mapapaya sindinawerenge nkomwe, kulemba aganyu kukumba maenje ofika m'chiuno. Chaka choyamba zinkaoneka bho. Kenako neba wakumunsi anamanga fensi yanjerwa osasiya olo kabowo kodutsa madzi.

Nde kubwera namondwe Freddy uja mu Malichi 2023. Ndikudziwa anzathu ku Chilobwe ndi ku Soche anataya abale, zangazi ndi zazing'ono, komabe zinandiwawa. Mvula itakata madzi kwanga sanachoke, anangokhala phee kutsamira fensi ija pafupifupi masabata awiri, achule usiku onse ngati kwaya. Mapapaya ndi amene anayamba, masiku atatu okha tsinde lafewa ngati nthochi yoola, kungokhudza lagwa. Mapeyala masamba analendewera ngati akufuna kuthiriridwa chonsecho aima m'madzi, kenako chikasu, kenako kuyoyoka. Ine kupusa ndinakagulanso feteleza nkuthira, ndimati mwina ndi njala. Tsiku lomwe ndinaganiza zozula umodzi ndione sindidzaliiwala, ndangokoka ndi dzanja limodzi wazuka osalimba, mizu yakuda bii yoterera, fungo lake ngati ngalande ya mumsika, ndipo m'dzenjemo madzi tho pomwe pamwamba panali patauma kale. Ndinakhala pansi pamatope pompo mwana wanga akundiyang'ana. Maenje ndinalipira aja anali ndowa achemwali. Makande sadutsitsa madzi, manyowa ndi ofewa, nde madzi onse a pabwalo amathamangira mmenemo osatuluka, pomwe mizu nayo imafuna mpweya, makamaka ya peyala sichedwa kuola.

Ndinabwerera kwa bambo a mbande aja, mukudziwa anati chani? Mwina munathirira kwambiri madamu. Kuthirira!! Nthawi ya Freddy!! Neba naye akuti madzi ndi a Mulungu sindingawaletse, koma ndi yemweyo anawatsekera ndi simenti. Anthu ena Mulungu aziwaona.

Chinatsala chamoyo ndi kagwafa komera kokha komwe ndinkafuna kudula. Amalume anga atabwera kudzaona anangoseka, akuti pita kumtsinje ukaone zomwe zimamera kumeneko popanda oziuza. Nde pano ndili ndi katope awiri, amenewa madzi ndi kwawo ndipo tizipatso take ana amadya, mwimbi umodzi umene ukukula mwamsanga, ndi kanjedza pakona. Mbawa nayo imakonda m'mbali mwa mitsinje koma ndi chimtengo, ngati puloti ndi yaing'ono isiyeni. Pazitsamba jerejere amapirira madzi komanso amakonza nthaka, kungoti zaka zochepa wauma. M'mphepete mwa ngalande vetiva, pakati ponyowa penipeni mzimbe ndi koko, nthochi ikani chakumtunda pang'ono chifukwa zimakonda chinyontho koma osati kuima m'madzi. Mkuyu ndi bulugamu musayerekeze pafupi ndi nyumba kapena seputiki, mizu yake imaswa. Ngakhale ineyo bulugamu ndinadzala awiri, kufupi ndi fensi ya neba uja, musandifunse chifukwa.

Musanachite chilichonse kumbani kadzenje kofika m'bondo, thiranimo madzi, mukapeza mawa lake akadalimo dziwani kuti mapeyala, malalanje ndi mapapaya iwalani. Ndipo yambani mwaona komwe madzi akuyenera kutulukira, mukambirane ndi aneba fensi isanakwere. Ogulitsa mbande musawamvere, iwo akufuna ndalama basi, ngakhale katope wangayo ndinamupeza kwa mayi wina ogulitsa mbande yemwe anandifunsa kaye za dothi langa asanandigulitse, nde funsanibe. Peyala pamalo otere ayi ndithu, ndanena. Ine chaka chatha ndinadzalanso umodzi pamwamba pa nthumbira yomwe ndinaunda kufika m'bondo, osakumba dzenje, mpaka pano ukadali wobiriwira koma mvula ikangogunda usiku ndimadzuka ndi tochi kukauona.