Ana akuti kalulu wanga ndi mbewa: ndimujambule bwanji?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya mkombaphala ku Zomba. Akuti Lachisanu lililonse amafotokozera ana nthano za Kalulu, ndipo amafuna kumujambula pa bolodi kuti anawo azimuona nkhani ili mkati. Koma akangomaliza, ana amakuwa kuti ndi mbewa, ena amati ndi mphaka. Funso lawo ndi ili: "Kodi pali njira yosavuta yojambulira nkhope ya kalulu, yoti ngakhale ine amene sindinaphunzirepo zojambula ndingakwanitse?"

Mayi, njira ilipo, ndipo dzanja lanu lilibe vuto. Anawo akunena zimene akuona, ndipo chimene mwana amayamba kuona pa kalulu ndi makutu. Makutu akafupika kapena akakhala m'mbali mwa mutu, nyamayo yasanduka ina, ngakhale maso ndi mphuno mutazijambula bwino bwanji.

Nthawi zambiri vutoli limayamba makutuwo asanajambulidwe n'komwe. Munthu amaika mutu pakati penipeni pa pepala, waukulu ndithu, kenako akafika pa makutu amapeza kuti malo atha pamwamba, ndiye amangowafupikitsa kuti akwane. Choncho yambani ndi kugawa malo anu pawiri. Mutu ukhale m'theka la pansi, theka lonse la pamwamba mulisiyire makutu. Pa pepala, ikani kapu chozondotsa n'kulemba mozungulira ndi pensulo wamba (ya HB), osakanikiza kwambiri chifukwa mizere ina mudzaifufuta. Pa bolodi, chivundikiro cha poto chigwira ntchito yomweyo. Mukatero kulitsaniko pang'ono m'munsi, mbali zonse ziwiri, kuti pakhale masaya.

Tsopano makutu. Khutu lililonse litalike mofanana ndi mutu, kuchokera pachibwano mpaka pamwamba pa mutupo, ndipo likapitirirako pang'ono palibe cholakwika. Maonekedwe ake akhale ngati tsamba la mango: lopyapyala patsinde, lotambalala pakati, losongoka pang'ono kunsonga. Onse awiri amere pamwamba pa mutu, moyandikana, mpata wapakati pawo usapose m'lifupi mwa khutu limodzi, ndipo azitalikirana akamakwera m'mwamba. Apa ndi pamene nyama zitatuzi zimasiyanirana. Mbewa ili ndi makutu ozungulira okhala cham'mbali, mphaka ali ndi aafupi a makona atatu, kalulu yekha ndiye ali ndi aataliatali oima pamwamba. Mkati mwa khutu lililonse jambulaninso kakhutu kena kakang'ono kotsata mzere wakunja. Ine ndimakonda kupinda khutu limodzi chapakati kuti nsonga igwere kutsogolo, chifukwa nkhopeyo imaoneka yamoyo nthawi yomweyo, koma zimenezi muzichita mukazolowera kaye makutu owongoka.

Musanaike maso, lembani mizere iwiri yosaoneka kwambiri: umodzi wotsika pakati pa nkhope, wina wopingasa. Wopingasawu usakhale pakati, utsike pansi pang'ono. Maso akhale pamzere umenewu, motalikirana. Ambiri oyamba kumene amakweza maso pafupi ndi makutu, ndiye kalulu amaoneka wokalamba kapena wamantha. Katswiri wa khalidwe la nyama wa ku Austria, Konrad Lorenz, anafotokoza mu 1943 kuti chipumi chachikulu, maso aakulu okhala m'munsi ndi masaya onenepa ndi zimene zimatichititsa kuona khanda kapena kamwana ka nyama kukhala kokongola. Ojambula makatuni amatsata zomwezo. Kalulu weniweni maso ake ali m'mbali mwa mutu kuti aziona adani pafupifupi mbali zonse, koma m'katuni timawabweretsa kutsogolo. Kuwatalikanitsa kuja ndi kumene kumasunga kaonekedwe ka kalulu. Diso lililonse lidetseni, koma musiye kadontho koyera cham'mwamba, mbali yomweyo m'maso onse awiri. Kadontho kamodzi kakakhala kumanja kena kumanzere, kalulu amaoneka ngati akuyang'ana kuwiri.

Mphuno ndi pakamwa n'zosavuta, ndipo poti ana anu akuphunzira malembo, zikuthandizani. Pansi pa maso, pamzere wotsika uja, lembani Y wamng'ono. Nthambi ziwiri za pamwamba ndiyo mphuno, mwendo wake ndi mlomo wapamwamba, umene kwa kalulu weniweni ndi wogawikadi pakati. Kuchokera pansi pa mwendowo kokerani kamzere kokhota kumanja, kena kumanzere, ngati w wosasongoka. Pansi pake ikani mano awiri a makona anayi, ogundana. Asakule kwambiri, chifukwa mano aatali pankhope ya makutu aafupi ndi amene amabweretsa mbewa ija. Ndevu zikhale zitatu mbali iliyonse, zazifupi. Zikatalika mpaka kutuluka kunja kwa masaya, ana ayamba kutchula mphaka.

Ngati mukuona kuti zonsezi zachuluka, dziwani kuti mukhoza kuchotsa zambiri kalulu n'kukhalabe kalulu. Wojambula wa ku Netherlands, Dick Bruna, anayamba kujambula kalulu wake Miffy mu 1955. Nkhope yake ili ndi timadontho tiwiri ta maso ndi kamtanda kakang'ono pamalo a mphuno ndi pakamwa, basi, koma ana a mayiko ambiri amamuzindikira chifukwa cha makutu aja.

Pali chinanso chokhudza inu makamaka, poti amene mukujambula ndi Kalulu wa m'nthano, uja amapusitsa Fisi ndi Njovu. Ameneyu ndi wa kutchire, si woweta m'khola ayi. Ubweya wake ndi wotuwa mofiirira, makutu ake ndi aatali kuposa a woweta, ndipo nsonga zake n'zakuda. Detsani nsongazo, ndipo mwana amene anamuonapo kumunda amudziwa msanga. Kuti aoneke wochenjera, ikani nsidze ziwiri, imodzi yokwera kuposa inzake, ndipo mbali imodzi ya pakamwa muikokere m'mwamba pang'ono. Nkhani ikafika poti wagwidwa, fufutani makutu ndi kuwajambula ogwera m'mbali, nsidze zipendekere kunja. Mutu ndi womwewo, mwangosintha mizere inayi, ndipo mukhoza kuchita zimenezi ana akuona, nthano ikupitirira.

Za utoto musadandaule. Choko choyera chikwanira, ndipo pa pepala makrayoni awiri, lotuwa ndi lofiirira la mkati mwa makutu, ndi okwana. Mukamaliza dutsaninso ndi mzere wooneka bwino, kenako fufutani mizere yothandizira ija ndi labala.

Anawo akafuna kuyesa, apatseni malo aakulu. Dzanja la mwana wa zaka zinayi silinazolowere timizere ting'onoting'ono, choncho choko pa simenti, makala pa katoni kapena chala pamchenga n'zabwino kuposa pensulo m'kope. Musawapatse mizere yothandizira, imeneyo ndi yanu. Iwo muwauze zinthu zitatu zokha motsatana: mutu pansi, makutu aatali pamwamba, Y pakati.